Zimene Zili Pakati pa Anthu: Phunziro la Kujambula Anthu ndi Utoto

Cholinga cha phunziro

M'phunziro lino tikambirana za luso lojambula anthu ndi utoto, makamaka mmene chithunzi chimaonetsera zimene anthu akumva limodzi mumtima, kaya ndi chisoni, chimwemwe, mantha kapena kudalirana. Tiona zimene anachita makolo athu ku Dedza, zimene anachita akatswiri awiri a m'maiko oyandikana nafe, kenaka tijambula chithunzi chathu kuno kwa Champiti. Tiwerenge ndime iliyonse mokweza, mosinthanasinthana, ndipo tiyankhe mafunso tisanapite pa gawo lotsatira. Wina asaope kuti sanagwirepo burashi. Chofunika choyamba pa luso limeneli ndi kupenyetsetsa anthu amene tikukhala nawo.

Gawo 1: Ubale umaoneka pati?

Masiku ano foni imajambula nkhope ya munthu m'kanthawi kochepa, ndipo imafanizira bwino kuposa dzanja la wina aliyense. Nanga bwanji anthu sanasiye kujambula ndi utoto? Chifukwa chake n'chakuti wojambula ndi dzanja amasankha. Amasankha amene alowe m'chithunzi, pamene aime, kumene apenye, ndi amene ayandikane naye. Pa kusankha kumeneku m'pamene amanena zimene waona pakati pa anthuwo.

Tiyerekeze kuti tajambula amayi awiri atakhala pa mphasa imodzi. M'chithunzi choyamba afulatirana, aliyense wapinda manja, ndipo pakati pawo pali mpata woti pangakhale munthu wachitatu. M'chithunzi chachiwiri wina waweramitsa mutu, mnzake wasendera pafupi n'kumugwira paphewa. Amayiwo ndi omwewo, zitenje zomwezo, mphasa yomweyo. Ngakhale titapanda kuwajambula maso ndi pakamwa, mwana wa m'sitandade 3 angatiuze kuti oyambawo ayambana, ndipo achiwiriwo akutonthozana. Chimene chasintha si nkhope, koma zimene zili pakati pawo.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Pojambula zilinso chimodzimodzi. Chithunzi cha munthu mmodzi chimatiuza mmene iye amaonekera. Tikaikapo wachiwiri, pamabadwa chinthu china chimene sichili mwa woyambayo kapena mwa wachiwiriyo payekha, ndicho ubale wawo. Wojambula ali ndi njira zinayi zoonetsera ubalewo:

1. Mpata: kodi anthuwo atalikirana, ayandikana, kapena akhudzana?
2. Kumene apenya: kodi ayang'anizana, afulatirana, kapena onse akuyang'ana chinthu chimodzi?
3. Kaimidwe ka thupi: msana wowerama, mutu wozyolika, chifuwa chotukuka, manja otambasula kapena obisa kumbuyo.
4. Kubwereza: matupi angapo akamachita chinthu chimodzi nthawi imodzi, diso limawaona ngati thupi limodzi.

Mafunso:
a. Pa maliro, kodi timadziwa bwanji anamfedwa tisanauzidwe? Tchulani zimene matupi awo amachita, ndi zimene amachita amene awazungulira.
b. Amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, munsi wina ukukwera pamene wina ukutsika. Ndi njira ziti mwa zinayi zija zimene tingagwiritse ntchito powajambula?
c. Malizitsani: Ubale wa anthu m'chithunzi umaoneka kwambiri pa ________ kusiyana ndi pa ________.

Gawo 2: Mapanga a ku Chongoni

Kumpoto kwa boma lathu la Ntcheu, m'mapiri a ku Dedza, muli dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa matanthwe. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Ena mwa malo odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zithunzi za kumeneko zili m'magulu awiri. Zakale kwambiri ndi zofiira, ndipo zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Akatswiri amati anazijambula ndi Akafula, anthu amene ankakhala moyo wosaka nyama ndi kutola zipatso alimi asanachuluke m'dziko muno. Zina ndi zoyera, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo anazijambula ndi makolo a Achewa mpaka m'zaka za m'ma 1900. Pa zoyerazi pali zooneka ngati chikopa cha nyama choyalidwa, miyendo itatambasuka uku ndi uku. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anaonetsa kuti zimenezi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, ndipo zinkathandiza anamkungwi kuti malangizo asaiwalike. Palinso zithunzi za gule wamkulu, monga Kasiyamaliro, zimene ankajambula amuna.

Tikapita ku Chongoni n'cholinga chokaona nkhope za makolo athu, tidzabwerako manja ali m'khosi. Iwo sankajambula kuti munthu wakutiwakuti adziwike. Ngakhale pamene pali chooneka ngati munthu, ndi mizere yochepa chabe: mutu, thupi, manja ndi miyendo. Koma mapangawo amatiphunzitsa mfundo ina yaikulu. Chithunzi sichinali chokongoletsera chabe ayi. Anthu ankasonkhana pamaso pake, wamkulu n'kumaloza, wamng'ono n'kumamvera, ndipo tanthauzo lake linkakhala m'mitima ya gulu lonse. Mtsikana wolowa m'phanga ankaona zimene anaonanso amayi ake ndi agogo ake ali pa msinkhu womwewo, mwina ali ndi mantha omwewo. Choncho chithunzi chinkalumikiza anthu amene aima pamaso pake, amoyo ndi amene anatsogola.

Tidziwenso kuti zina mwa zithunzizi zaonongeka chifukwa cha utsi wa moto ndi anthu olemba maina awo pa matanthwe ndi makala kapena choko. Munthu wolemba dzina lake pamwamba pa chithunzi chotere amafafaniza chuma cha anthu ambiri pofuna kuti aoneke yekha.

Mafunso:
a. Kodi zithunzi zofiira ndi zoyera za ku Chongoni zimasiyana bwanji?
b. N'chifukwa chiyani chithunzi chopanda nkhope chingathe kukhudza anthu ambiri kuposa chofanana ndi munthu mmodzi?
c. Ana athu akapita kukaona malo ngati amenewa, tiwalangize zotani?

Gawo 3: Matupi ambiri, mtima umodzi

Tsopano tione mmene wojambula wa m'nthawi ya agogo athu anagwiritsira ntchito njira ya kubwereza. Gerard Sekoto anabadwira ku Botshabelo, m'dziko la South Africa, mu 1913. Poyamba anali mphunzitsi, koma mu 1938 anasiya ntchitoyo n'kupita ku Sophiatown, mu mzinda wa Johannesburg, kuti azikajambula. Ankajambula anthu wamba: amayi ochapa, ana m'misewu, anthu odzazana m'sitima. Mu 1940 nyumba yosungira zithunzi ya Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, ndipo chinali choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumbayo. Mu 1947 anapita ku Paris, ndipo anamwalira ku France mu 1993 osabwereranso kwawo.

Atatsala pang'ono kuchoka, anajambula chithunzi chotchedwa Song of the Pick, kutanthauza nyimbo ya piki. M'chithunzicho muli mzere wa amuna akuda akukumba. Onse akweza mapiki awo m'mwamba nthawi imodzi, miyendo yaima mofanana, misana yapindika mofanana. Nkhope zawo sizioneka bwino, moti sitingathe kunena kuti uyu ndi wakutiwakuti. Chapambali paima kapitawo wachizungu, manja ali m'matumba, kaliwo ali pakamwa. Iye ndiye mwini ulamuliro, koma Sekoto anamujambula ali yekha ndiponso wochepa pomuyerekeza ndi mzere wa antchitowo.

Chithunzi sichitulutsa mawu, komabe woona amamva nyimbo. Amaimva chifukwa amadziwa kuti anthu sangakweze mapiki pamodzi chotero popanda wina wotsogolera nyimbo ndi ena oyankha. Ifenso tikuzidziwa zimenezi. Ambiri mwa agogo athu anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, ndipo anagwira ntchito m'mizere yotere. Kuno kwathu timaona zomwezo pa dima, makasu akamagwa pamodzi, ndiponso pa ngoma ya Angoni, amuna akamaponda pansi nthawi imodzi zishango zili m'manja, amayi akuomba m'manja pambali. Sekoto sanabise kuti ntchitoyo inali yowawa ndi yopanda chilungamo. Koma anaonetsanso chimene kapitawo uja analibe: anzake opuma nawo mpweya umodzi.

Mafunso:
a. Kodi Sekoto anataya chiyani, ndipo anapindula chiyani, posaonetsa bwino nkhope za antchitowo?
b. Kapitawo uja akanaimikidwa pakati pa mzerewo atagwira piki, uthenga wa chithunzi ukanasintha bwanji?
c. Tchulani ntchito zitatu za m'mudzi mwathu zimene matupi a anthu amayendera pamodzi.

Gawo 4: Kuyandikana si chikondi nthawi zonse

Tisafulumire kuganiza kuti anthu akathithikana m'chithunzi ndiye kuti akukondana. Mantha nawonso amaunjika anthu pamodzi. Amene anaonetsa zimenezi mwamphamvu ndi Malangatana Ngwenya wa ku Mozambique, amene anabadwira ku Matalana, kumwera kwa dzikolo, mu 1936. Ali mnyamata ankatola mipira pa bwalo la tenesi mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, ndipo kumeneko ndi kumene ena anaona luso lake n'kumuthandiza ndi zipangizo. Mu 1964 apolisi achinsinsi a Apwitikizi anamumanga pomuganizira kuti ankagwirizana ndi Frelimo, ndipo anakhala m'ndende miyezi 18.

M'zithunzi zambiri za Malangatana mulibe malo opanda kanthu. Nkhope zaunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, maso ali tong'o, manja a wina alowa pakati pa matupi a ena, moti n'kovuta kudziwa pamene munthu mmodzi wathera ndi pamene mnzake wayambira. Nthawi zina pakati pa anthuwo pamaoneka mano ndi zikhadabo za zilombo. Woona amamva kubanika. Malangatana ankanena ndi utoto kuti pa nthawi ya utsamunda ndi ya nkhondo, tsoka siligwera munthu mmodzi: onse alowa m'thumba limodzi, ndipo kulira kwa wina kwalowa m'thupi la mnzake. Mu 1997 bungwe la UNESCO linamupatsa ulemu monga mmisiri wolimbikitsa mtendere. Anamwalira mu 2011.

Kwa ife a ku Ntcheu, nkhani imeneyi si yakutali. Boma lathu lachita malire ndi Mozambique, ndipo m'madera ena monga ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo ukulekanitsa maiko awiriwa. Nkhondo yapachiweniweni itakula cha m'ma 1986, anthu ambirimbiri anaoloka malire, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi anali kusunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Anayamba kubwerera kwawo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Achikulire amene ali m'gulu lathu lino akukumbukira mmene anthuwo ankafikira, mitolo pamutu, ana kumsana. Akukumbukiranso mabanja amene anagawana nawo minda, zitsime ndi nsima.

Nanga tingasiyanitse bwanji kuyandikana kwa mantha ndi kwa chikondi? Tiyang'ane maso ndi manja. Anthu amantha amaunjikana koma maso awo amayang'ana kunja, kumene kukuchokera choopsa, ndipo manja amakakamira. Anthu otonthozana amayang'anana kapena kuzyolikira pamodzi, ndipo manja amakhala omasuka, wina atagoneka dzanja pa mnzake popanda kumufinya.

Mafunso:
a. Tipemphe wachikulire mmodzi afotokoze zimene anaona pa nthawi ya othawa nkhondo. Pa zimene wanena, ndi kamphindi kati kamene tingajambule?
b. Kodi n'koyenera kujambula zinthu zowawa? Kodi zingathandize bwanji amene sanazione?

Gawo 5: Ndani walowa, ndani watsala kunja?

Pafupi ndi Mtakataka, kumunsi kwa mapiri a Dedza, kuli mishoni ya Mua imene inayamba mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa kumeneko malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, kumene anthu a m'midzi yozungulira aphunzira kusema ndi kujambula. Pamalopo pali nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, imene ili ndi zipinda zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo makoma ake akunja anajambulidwa zithunzi za mbiri ya Malawi.

Mitundu itatuyi inamenyanapo nkhondo m'zaka za m'ma 1800. Ena anagwidwa ukapolo, ena anathawira m'mapiri. Koma ku Mua mbiri yawo yaikidwa pa nyumba imodzi, ndipo mwana wa Chingoni, wa Chiyao kapena wa Chichewa akafika amapezapo anthu ake. Amisiri a ku Kungoni amajambulanso ndi kusema anthu ooneka ngati a m'midzi yathu, ovala zitenje, osenza mitsuko, obereka ana kumsana. Munthu akadziona pakhoma amadziwa kuti moyo wake wawerengedwa.

Apa m'pamene pali udindo waukulu wa wojambula. Chithunzi chilichonse chili ndi malire, ndipo wina amatsala kunja. Tikajambula mudzi wathu n'kuikamo achinyamata athanzi okhaokha, tanena kanthu za agogo, ngakhale sitinatsegule pakamwa. M'dziko mwathu muno okalamba ena amanyozedwa, kuthamangitsidwa, ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chonamiziridwa ufiti. Abale athu achialubino akhala mwamantha kwa zaka zambiri. Olumala, amasiye ndi obwera amakhala nafe pa misonkhano koma kawirikawiri amakhala kumapeto kwa mphasa. Ana amaphunzira malo a munthu aliyense poona, tisanawauze n'komwe. Ngati pakhoma limene amadutsapo tsiku ndi tsiku aona gogo atakhala pakati, ana atamutsamira pamiyendo, diso lawo lidzazolowera kumuona gogo ngati munthu wofunika kumuyandikira.

Utoto ungathenso kuvulaza. Kukulitsa chilema cha munthu kuti anthu aseke, kapena kujambula munthu wodziwika m'mudzi ali m'zochititsa manyazi, ndi miseche yopaka pakhoma, ndipo imakhalitsa kuposa ya pakamwa. Tisanajambule munthu woti ena angamuzindikire, tiyambe tamupempha.

Mafunso:
a. Tikanati tijambule mudzi wathu mofulumira, ndani amene tikanamuiwala? N'chifukwa chiyani?
b. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kuika munthu m'mphepete mwa chithunzi ndi kumuika pakati?
c. Chongani zoona: Chithunzi chaulemu chimabisa mavuto a anthu. Chithunzi chaulemu chimaonetsa mavuto popanda kuchotsa ulemu wa munthu. Chithunzi chaulemu chimaonetsa anthu olemera okha.

Gawo 6: Ntchito yochitira limodzi

Sitifunika penti wa m'sitolo. Amayi amene amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma akudziwa kale kumene kumapezeka mtsiro wakuda, katondo wofiira ndi dothi loyera, ndipo pa ntchito ino iwo ndiwo aphunzitsi athu. Makala osinja apereka mtundu wakuda, phulusa lipereka wotuwa, laimu apereka woyera. Dothi tilisefe, tilisungunule m'madzi, ndipo tithiremo phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kuti utoto ugwire. Kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi kakhala burashi, ndipo chala nachonso chimagwira ntchito monga chinkachitira ku Chongoni. Tingajambule pa katoni yaikulu, pa thumba la simenti lotambasula, kapena pakhoma ngati mwini wake walola.

Tichite motere:

1. Tikambirane ndi kusankha chochitika chimodzi chimene tonse tachionapo, monga kusenza denga la nkhokwe, kudikira pa mjigo, kukhuza maliro, kulandira mwana wobadwa kumene, kapena kunyamula wodwala kupita naye kuchipatala.
2. Tigwirizane mawu amodzi onena zimene anthuwo akumva mumtima. Mawuwo tisawalembe pachithunzi.
3. Abwenzi anayi kapena asanu aime kutsogolo n'kuyerekeza chochitikacho osayenda, osalankhula. Enafe tiyang'ane mpata, kumene apenya, misana ndi manja. Tiwasunthe mpaka kaimidwe kawo kanene mawu tinasankha aja.
4. Ndi khala, tilembe matupiwo mopepuka: mzere wa msana poyamba, kenaka mutu, manja ndi miyendo. Nkhope tiziike pomaliza, kapena tizisiye.
5. Aliyense apake munthu mmodzi, koma pamene matupi awiri akhudzana, ojambula awiriwo apangane. Amene ali ndi dzanja lozolowera athandize mnzake popanda kumulanda burashi.
6. Tisanamalize tifunsane kuti: ndani watsala kunja? Ngati alipo, timupezere malo.

Tikumbukire kuti mwa ulemu sitijambula Amithenga a Mulungu. Chithunzi chathu ndi cha anthu a m'mudzi mwathu ndi moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Utoto ukauma, tiitane anthu awiri kapena atatu amene sanali nafe, wachikulire mmodzi ndi mwana mmodzi akhalepo, ndipo tiwafunse kuti anthu a m'chithunzichi akumva chiyani. Tisawathandize kuyankha. Akatchula mawu ofanana ndi athu aja, ndiye kuti matupi alankhula. Akatchula ena, tiwafunse chimene aona, chifukwa mwina dzanja lina latalikira kapena mutu wina wapenya kolakwika, ndipo tingakonze.

Pokonzekera kukumana kwathu kotsatira, aliyense asankhe malo amodzi, kaya kuchigayo, kumsika kapena pa mjigo, ndipo akhale mphindi 10 akuona mmene anthu aimira ndi mmene akhalira, mosawachititsa manyazi. Aone amene ayandikana, ndi amene wakhala payekha. Ameneyo akamupatse moni ndi kucheza naye, ndipo tikadzakumana adzatiuze zimene waphunzira.